Nkhata

Pali masiku ena amene mtima umangofuna kukakhala pafupi ndi zinthu zakale, monga mmene mwana amakakhalira pambali pa agogo ake pakhonde popanda choti anene. Tsiku lina lotere, m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Zomba mpaka m'chiuno, ndinatseka chitseko mamawa n'kuyamba kuyenda wapansi, osafulumira, manja ali m'matumba a jekete. Munthu wofuna kuona zakale zitayalidwa bwino m'magalasi, chilichonse ndi kapepala kake, amakwera minibasi kupita ku Chichiri ku Blantyre, kapena amapirira ulendo wautali wa ku Karonga. Kuno kwathu zakale zambiri zili pabwalo, zimanyowa ndi mvula pamodzi nafe, ndipo timazidutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika mpaka maso amasiya kuziona.

Ndinayambira kumtunda, kunyumba ija ya nsonga ziwiri imene John Buchanan adamangira kazembe wa Britain cha m'ma 1887, imene Harry Johnston adadzalowamo atasankha Zomba kukhala likulu mu 1891, ndipo pambuyo pake anthu adadzaidziwa ndi dzina loti Masongola. Chakumunsi kwake mtsinje wa Mulunguzi unali kulira pamiyala, kudutsa m'munda wa mitengo umene Alexander Whyte adayamba m'zaka zomwezo. Ndinadutsanso pa Nyumba ya Malamulo yakale, momwe aphungu adapitiriza kukumana zaka zambiri likulu litasamukira kale ku Lilongwe mu 1975. Mayina awa ndi zaka izi ndidaziloweza ndili mwana, ndipo zimabwera zokha pakamwa ngati pemphero la madzulo. Koma mmawa umenewo, nditaima n'kumayang'ana denga, mazenera ndi zogwirira zitseko zachitsulo, m'mtima munabwera funso laling'ono limene sindidadzifunsepo: kodi zinthu zimenezi zidafika bwanji kuno? Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ku Zomba siidakwereko mpaka lero. Sitima za pamadzi zinkatula katundu kumunsi kwa Shire, kwa Katunga, chifukwa mathithi sankalola kupitirira. Ndiye kuti galasi lililonse, msomali uliwonse, bokosi lililonse la mapepala a boma, zonse zidakwera zitunda zimenezi pamutu pa munthu, ndipo bwana mwiniwake ankabwera atagona m'machila, pamapewa pa anthu.

Ndinatsika ndi funso limenelo mpaka pachipilala cha asilikali, nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba, imene imalandira aliyense wolowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks. Pamenepa ndi pomwe timasonkhana mu Novembala chaka chilichonse, lipenga n'kulira, nkhalamba zochepa zotsala za nkhondo yachiwiri zitavala mamendulo awo. Tsiku limenelo panalibe munthu, koma mbalame ndi phokoso la magalimoto pamsewu. Ndinayandikira zikwangwani zolembedwa mayina a asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ndinayamba kuwerenga, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Ndi mayina athu enieni, otchulika mosavuta, ena olembedwa mokhotakhota monga mmene khutu la mlembi wachilendo lidawamvera. Ndinawerenga nthawi yaitali ndisanadziulule kwa ine mwini kuti ndikufunafuna dzina limene ndikudziwa kale kuti palibe.

Agogo anga aakazi, amayi a mayi anga, ankatisimbira za bambo awo. Ankati anali munthu wofatsa, wosakonda kulankhula, ndipo pakati pa mutu pawo panali dazi lozungulira, losalala ngati chikho, pamene tsitsi lina lonse linali lambiri mpaka ukalamba. Ana akafunsa, ankangoti, "Ndi Chiwaya." Ndilo dzina limene makolo athu adaipatsa nkhondo yoyamba ija, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Koma iwo mfuti sadaigwirepo. Adatengedwa usiku m'mudzi mwawo, kuchigwa choyang'ana nyanja ya Chilwa, iwo ndi mng'ono wawo, amesenjala a boma atabwera ndi zingwe, ndipo adakhala amtengatenga. Adabwera okha patapita miyezi yambiri, ataonda, mapazi atang'ambika. Mng'ono wawo adatsala kwina kumpoto, kutsidya kwa nyanja ya Malawi, m'mbali mwa njira, atadwala kamwazi. Agogo ankati bambo awo, mpaka tsiku la imfa yawo, akaona mwana akusenza kanthu popanda nkhata, ngakhale kadengu kopepuka, ankamuitana, n'kumukhazika pansi, n'kumupindira nkhata ndi manja awo, mosamala, osanena mawu.

Ndi nkhata imeneyo imene ndakhala ndikuilingalira chichokereni pachipilala paja.

Olemba mbiri amati dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 pa nkhondo ija, koma amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndikaima n'kuganiza za chiwerengero chimenechi, ndimaona midzi yopanda amuna, minda yosalimidwa, amayi akumanga okha nkhokwe. Nkhondo idayamba kwathu msanga, pa nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914 ndi ku Karonga mu Seputembala, ndipo kuyambira 1916, asilikali a mbali ya Britain otsogozedwa ndi General Northey atalowa m'dziko la Ajeremani lomwe lero ndi Tanzania, chakudya chonse ndi zipolopolo zonse zinkawatsatira pamutu pa anthu, kukwera mapiri ozizira a kutsidya kwa nyanja kulowera ku Songea ndi ku Iringa, kumene ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe ndipo magalimoto ankatitimira m'matope. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25. Ndimawerengera ndekha mwakachetechete: ngati wosenza ufa adya kilogalamu imodzi patsiku, ulendo ukatalika milungu itatu ndi theka, ndiye kuti wadya mtolo wake wonse asanafike. Tsono kuti msilikali wa kutsogolo adye, wina kumbuyo ankayenera kugona ndi njala ufa uli pamutu pake. Nkhondo kuno idatha mkulu wa asilikali a Ajeremani, Von Lettow-Vorbeck, atagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, ndipo otsala amoyo pobwerera kwawo adakumana ndi chimfine chija chimene chidapululutsa anthu pa dziko lonse.

Panali munthu mmodzi amene adaziona izi zisanafike poipa. Mu Novembala 1914 John Chilembwe, ali ku Mbombwe, adalemba kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka, opanda chawo m'dziko lawo lomwe, akuitanidwa kukafera mlandu umene suli wawo, n'kusiya amasiye. Boma lidaletsa kuti kalatayo ifalikire. Mu Januwale 1915 iye adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale adaphedwa. Nkhope yake timayenda nayo m'matumba pa ndalama zathu, ndipo n'koyenera. Koma anthu amene iye ankawalirira aja, ambiri a iwo sadasiye nkhope kapena dzina. Ngakhale gule wathu wa beni, amene achinyamata a kuno ndi ku Machinga ndi ku Mangochi amavina atavala makhaki ndi mamendulo, akuguba ngati pa perete, amakumbukira msilikali ndi lipenga lake. Sindinaonepo wovina beni atasenza bokosi.

Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga anzawo a ku Ulaya. Nditamva nkhaniyi ndinakhala chete nthawi yaitali. Sikuti ndinakwiya kwambiri, ayi. Ndinangomva ngati munthu amene wauzidwa ndi adokotala dzina la nthenda imene wakhala nayo kuyambira ubwana.

Nthawi ina ndinapita ku National Archives, nyumba yosunga zikalata za dziko lino, imene ili mu Zomba momwe muno kuyambira 1947. Ndimaikonda nyumba imeneyi, fungo la mapepala akale ndi bata lake longa la m'tchalitchi pakati pa mlungu. Anandilandira bwino, anandibweretsera mafayilo omangidwa ndi tizingwe, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikutembenuza masamba ofiirira. Zikalata zambiri za zaka zoyambirira zidapsa pamene ofesi yaikulu ya boma idagwira moto mu 1919, ndipo poyamba ndinkadzitonthoza kuti mwina dzina la mng'ono wa bambo a agogo anga lidapita ndi motowo. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kukayika ngati lidalembedwapo n'komwe. M'mapepala a nthawi imeneyo amtengatenga amaoneka kawirikawiri ngati manambala: akufunika angapo kuchokera m'boma lakuti, afika angapo, athawa angapo. Mawu akuti "athawa" ndinawayang'ana nthawi yaitali. Kumbuyo kwa mawu amodziwo kuli munthu amene adatula bokosi usiku, n'kulowa m'thengo la dziko losalidziwa, akuyang'ana nyenyezi kuti apeze kolowera kwawo.

Sindinganene kuti taiwaliratu. Pa msewu wa ku Blantyre, pa Namaka, pali kanyumba kakang'ono kotchedwa Mtengatenga, kokumbukira anthu amene ankayenda wapansi ndi matumba a makalata pakati pa mizinda iwiriyi, n'kumapumira pamenepo. Minibasi imadutsa mothamanga ndipo ambiri sitikatembenukira. Komabe mtima wanga umathokoza amene adaganiza zokasunga, chifukwa ndi malo amodzi mwa ochepa pomwe dzina la ntchitoyo lidalembedwa pakhoma mwaulemu.

Ndidaonapo chithunzi cha nyumba ina ya zinthu zakale ku Vietnam. Pakati pa mizinga ndi mfuti adaimikapo njinga yakapalasa wamba, yolimbitsidwa ndi nsungwi, matumba a mpunga atapachikidwa uku ndi uku. Pa nkhondo ya ku Dien Bien Phu mu 1954, pamene Afalansa adagonja, anthu wamba zikwizikwi adakankha njinga zotere m'mapiri, ina itanyamula makilogalamu 200 ndi kupitirira, ndipo dziko lawo lidaona kuti njingayo ndi yoyenera kuima pamodzi ndi mzinga. Ndinachita nayo nsanje pang'ono njinga imeneyo. Koma ndikaganiza bwino, iwo ankasenzera nkhondo imene ambiri ankaitcha yawo, ndipo opambana ndiwo adamanga nyumba yoikamo njingayo. Athu adasenzera mkangano wa mafumu a kutali, amene ngakhale mayina awo sankawadziwa. Kuonjezera apo, njinga ndi chitsulo, imadikira mpaka wina adzaikumbukire. Nkhata siidikira. Ndi udzu chabe, kapena masamba ouma a nthochi, kapena kansalu kopindidwa mozungulira. Ukafika umaitaya m'mbali mwa njira, chiswe n'kudya, kapena umaimasula n'kukhalanso chitenje. Ndi kanthu kopanda mtengo kamene kamakhala pakati pa munthu ndi chimene chikumulemera, sikachepetsa kulemera ngakhale pang'ono, kamangochititsa kuti munthu athe kufika. Ndipo ntchito yake ikatha sikasiya chizindikiro, kupatula mwina dazi pamutu pa nkhalamba.

Apa ndi pomwe ndimayamba kudzikayikira, Ambuye, ndipo ndibwino ndinene. Kodi dzina limene ndinkafuna pachipilala paja ndinkalifunira mwini wake, kapena ine? Mwina ndikufuna pokaima mu Novembala, poloza chala n'kunena kuti nafenso tili pano. Mwinanso iye, akadafunsidwa, sakadafuna konse kukumbukiridwa ndi bokosi la eni ake. Anali ndi dzina la ubwana ndi dzina la kuchinamwali, mwina ankadziwa kutchera nsomba m'madambo a Chilwa, mwina panali mtsikana amene ankamuyembekezera. Kumulemba pamwala kuti mtengatenga kungakhale kumusenzetsanso katundu yemweyo kachiwiri, mpaka muyaya. Komanso kungomusiya osalembedwa paliponse kumandipweteka. Ndimazungulira pakati pa ziwirizi ngati mbuzi pachikhomo, ndipo chingwe sichitalika.

Ndimakumbukira kuti m'nkhani ya masautso a Ambuye muli munthu wa ku Africa, Simoni wa ku Kurene, amene asilikali adamugwira akuchokera kumunda n'kumukakamiza kusenza mtanda umene sunali wake. Naye sadafunsidwe. Koma mlembi wa Uthenga Wabwino adasamala kulemba dzina lake, kwawo, ngakhale mayina a ana ake awiri, Alekizanda ndi Rufu. Ndikaganiza zimenezi ndimalimba mtima pang'ono kuti kuli kaundula wina amene moto wa 1919 sudamufike, momwe mulibe mawu akuti angapo. Ndimakhulupirira zimenezi, ngakhale masiku ena chikhulupiriro changa chimakhala chopyapyala ngati nkhata ya udzu wosakhwima. Ndipo ndimaopanso kuti ndingagwiritse ntchito kaundula wa kumwambayo ngati pothawira, kuti ine pansi pano ndisavutike kufunsa dzina la munthu aliyense.

Pakuti amtengatenga sadathe. Mmawa uliwonse, kusanache bwino, amatsika m'misewu ya Zomba akukankha njinga zosenza matumba a makala aatali kuposa iwo eni. Amaima pageti panga, ndimatuluka, timanenerera mtengo, ndimachotsako pang'ono, amatula thumba kukhitchini, amapukuta thukuta ndi chipewa n'kumapita. Pali bambo ena amene akhala akundibweretsera makala zaka zingapo, ndipo ndinazindikira tsiku lomwe lija, nditaima pachipilala, kuti ndimangowatchula kuti a makala. Ndinayenda mtunda wonse uja kukafuna dzina la wosenza amene adafa zaka zoposa 100 zapitazo, pamene la wosenza wamoyo, woima pakhomo panga Lachiwiri lililonse, sindinalifunsepo.

Masana chiperoni chinayamba kusungunuka, ndipo ndinaganiza zokwera phiri kudzera njira ya wapansi ija yotchedwa Potato Path, imene alimi a pamwamba akhala akutsitsira mbatata ya kachewere kumsika. Ndi njira yoimirira, yoterera mvula ikagwa, ndipo munthu wopanda katundu ngati ine amapuma kangapo asanafike ku Ku Chawe. Pamwambapo pali malo awiri otchuka oonerapo dziko. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi ya ku Britain amene adafika mu 1957, ena Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene adafika mu 1965. Kukacha bwino, ukaima pamenepo umaona Mulanje, chigwa cha Phalombe, ndi Chilwa akunyezimira chapatali, dera lonse limene anthu aja adatengedwako. Alendo awiriwo adaimapo kanthawi kochepa ndipo malowo adatenga mayina awo. Sindikuwadandaula, mlendo timamulemekeza, ndi mwambo wathu. Ndimangodabwa mmene dzina limamatirira msanga pamalo pamene munthu adangoima, n'kulephera kumata panjira imene ena adaipondaponda moyo wawo wonse mpaka mwala udasalala.

Sindinafike kumalo oonerako tsiku limenelo. Chapakati pa njira, pamene mitengo ya paini imayambira, ndinapeza amayi atatu atakhala pansi, mitolo yawo ya nkhuni itatsamira pamwala, yaitali kuposa chitseko, yomangidwa ndi luzi patatu. Tinapatsana moni.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera bwino, kaya inu, bambo?"

Ndinakhala chapatali pang'ono kuti ndipume. Iwo anamwa madzi a m'kabotolo kamodzi mopatsirana, kenaka awiri anasenzetsana n'kuyamba kutsika, makosi ali chilili, mapazi akufunafuna popondera. Wachitatu, wachikulire pang'ono, anatsala akukonza nkhata yake. Inali ya udzu, ndipo inali itaphwanyika mbali imodzi. Anaiyang'ana, anaiponya pambali, anazula udzu wina wautali m'mphepete mwa njira, n'kuyamba kuukulunga kuzungulira dzanja lake lamanzere, kawiri, katatu, kanayi, n'kulowetsa nsonga mkati, zala zikuyenda zokha maso ali kwina. Ndinaona manja a bambo a agogo anga, amene sindidawaonepo.

"Bambo, tandisenzetsani."

Ndinaimirira msanga. Tinagwira mtolo uku ndi uku, ndipo pamene unachoka pansi ndinamva kulemera kwake kukulowa m'msana mwanga mpaka m'mawondo. Iwo anawerama pang'ono, analowetsa mutu pansi pake, anausuntha kamodzi kuti ukhazikike pankhata, ndipo kulemera konse kunachoka m'manja mwanga n'kupita kwa iwo.

"Zikomo, bambo."

"Zikomo, amayi. Pepani, ndinu mayi ndani?"

Anaseka pang'ono osatembenuza mutu, pakuti wosenza satembenuka, ndipo anandiuza dzina la kwa bambo awo ndi mudzi wawo. Ndinalibwereza pakamwa kuti ndisaliphonye. Kenaka anatsika kutsatira anzawo, nsonga za nkhuni zikugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka anakhota paseri pa thanthwe.

Nkhata yakale ija inali pomwepo paudzu. Ndinaitola. Inali yopepuka ngati chisa cha mbalame, yophwatalala pakati, ndipo inali ikadali yofunda. Ndinaganiza zopita nayo kunyumba, kukaiika pashelefu pambali pa mabuku, mwinanso kulemba kapepala. Ndinaima nayo m'manja nthawi yaitali, nkhungu ikubwereranso pang'onopang'ono m'mitengo, madzi akudontha kuchokera m'masamba a paini. Pamapeto pake ndinaibwezera pomwe ndinaitola, ndipo ndinayamba kutsika, ndikutchula dzina lija chamumtima pa sitepe iliyonse yoterera.